Chivindikiro cha Katoni

1. Lata linali limodzi

M'kalasi ya Fomu 3 yophunzira kujambula mapulani ndi kupanga zida munali anyamata khumi ndi anayi ndi mtsikana mmodzi. Mtsikanayo anali Lukiya Mustafa wa ku Nsanama, amene ankagonera pa sukulu ina ya sekondale ku Balaka. Mutu wake unkagwira, zimenezo palibe ankatsutsa. Chomwe chinkamupweteketsa mwanayu ndi chimodzi basi: kusekedwa ankakuopa koopsa.

Teremu imeneyo aliyense anauzidwa kuti apeze vuto lenileni la kwawo, ajambule chida cholithetsera, kenako achipange ndi manja ake. Zida zitatu zopambana zinali zoti zipite ku chionetsero cha masukulu ku Liwonde.

Lukiya sanavutike kusaka vuto. Chaka chilichonse akakolola, amayi ake, Abiti Hassani, ankatong'ola chimanga ndi manja mpaka chala chachikulu chakumanja kung'ambika. Ankangochimanga ndi kansanza n'kupitiriza ntchito. Ndiye Lukiya anajambula makina otong'olera chimanga. Anali ndi chopukusira cha dzanja, tcheni cha njinga yakale, magiya awiri, ndi mbale yachitsulo ya mano yomwe inkakanda chimangacho.

Makinawo anatheka, ndipo ankagwira bwino zedi. Chinatsala ndi chivindikiro cha lata chophimba tcheni ndi magiya.

Aphunzitsi awo, a Likoswe, anabwera ndi lata limodzi n'kuligawa zidutswa. "Lata ndi lomweli, lina kulibe mpaka teremu ya mawa," anatero. "Mukalemba mizere yanu, mundiitane ndione musanagwire sizasi."

Lukiya analemba mizere yake n'kukweza dzanja. Pomwepo Shafiq, mnyamata wa pakamwa amene ankagwira naye benchi imodzi, anaseka. "Eya, aitaneni. Akugwireni dzanja ngati wa Sitandade 1. Tinanena ife kuti ya zitsuloyi si ya atsikana."

Lukiya anatsitsa dzanja. Anatenga sizasi yodulira malata n'kudula yekha.

Koma abale! Pulani yake anaijambula pa theka, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala inkaimira masentimita awiri pa lata. Chifukwa cha mkwiyo anaiwala zimenezo, n'kukopera miyeso ya papepala momwe inalili. Atapinda latalo, chinatuluka ndi kachivindikiro kakang'ono kosakwana ngakhale giya imodzi.

Anayang'ana uku ndi uku. Palibe anaona. Anakaponya kuseri kwa kabati ya zida, n'kuphimba makina ake ndi thumba.

2. Lamulo la a Likoswe

Lachitatu a Likoswe anagawa mapepala. Chida chilichonse chisanapite ku chionetsero chinayenera kukayesedwa ndi anthu enieni amene chinapangidwira. Pepalalo linali ndi malo a mayina a oyesawo, malo a siginecha kapena chidindo cha chala, ndi mafunso anayi. Lomaliza linkati: Kodi alipo amene anavulala poyesa chidachi?

"Mupita kwanu Lachisanu, mubwera Lamlungu, mapepala ndikuwafuna Lolemba m'mawa," anatero a Likoswe. "Koma chida chokhala ndi tcheni, lamba kapena mano sichituluka pakhomo ili chosavindikira. Mundimvetse bwino pamenepa.

"Ndisanakhale mphunzitsi ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa fakitale ina yokonza thonje. Ndinaona anthu akulu, anzeru kuposa inu nonse, akupita kunyumba zala zili zosakwana. Sanali zitsiru ayi. Anali otopa. Wina ankangofuna kuchotsa kachinyalala, wina anacheuka chifukwa amuitana. Makina alibe maso. Sadziwa kuti ili ndi thonje, ili ndi dzanja la mwini wake. Chimene chalowa amakoka.

"Inu mukamajambula mumaganizira munthu wodekha, woimirira bwinobwino, amene wamva malangizo anu onse. Munthu ameneyo kumudzi kuno kulibe. Muzijambulira munthu wotopa, amene mwana akulira kumsana, mnzake akumucheza, nkhuku zikudya chimanga. Ngati chida chanu chimafuna kuti munthu asalakwitse n'kamodzi komwe, ndiye kuti simunamalize kuchipanga. Amene chake sichinathe andiuze. Palibe chochititsa manyazi, adzapita chaka cha mawa."

Chaka cha mawa! Mawu amenewo ndi okhawo amene Lukiya anawamva. Shafiq anali atamaliza kale mbaula yake, ndipo ankayenda mu wekishopu ngati mwini wake.

Lachinayi masana anzake ali ku mpira, Lukiya anakapempha katoni ya sopo ku kantini. Anaiyeza, tsopano molondola, anaidula, anaipinda, n'kuipaka penti yakuda kawiri. Anaimangirira pa makina ndi waya. Kunena zoona, ukaima patali inkaoneka ngati lata ndithu.

Lachisanu a Likoswe anali pa mpanipani, akuyang'anira mayeso a Fomu 4. Anathamangira ku wekishopu kudzaona zida. Atafika pa makina a Lukiya anatambasula dzanja.

"Musakhudze, aphunzitsi, penti sinaume," anatero Lukiya.

A Likoswe anabweza dzanja n'kumwetulira. "Wapinda bwino makona ako. Ukawapatse moni amayi." Anasaina chilolezo n'kuthamangira ku mayeso. Anamukhulupirira, poti kuyambira Fomu 1 mwanayu anali asanawanamizepo.

3. Mawawa a pamsewu

Unali mwezi wa Juni, kunja kuli chiperoni. Kondakitala anamangirira makinawo kumbuyo kwa minibasi, chitseko chakumbuyo chosatsekeka bwino. Kuchokera ku Balaka kukafika ku Liwonde kunkagwa mawawa. Pa Liwonde anasintha galimoto, mawawa osaleka. Pofika pa Nsanama katoni ija inali itasanduka phala, ikulendewera pa waya.

Lukiya anakokera makinawo pa shedi ya amalume ake, Che Twalibu, amene ankawotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Anawapeza akutseka, atavala mkanjo ndi chisoti, chikwama chili pa njinga.

Che Twalibu anazungulira makinawo kawiri. Anapukusa pang'ono, anamvetsera kulira kwa tcheni, n'kugwedeza mutu mokondwa. "Wapanga wekha izi? Eee, sukulu ndi yabwino." Kenako anathothola katoni yonyowayo ndi zala ziwiri n'kuinyamula m'mwamba. "Nanga ichi?"

Lukiya anawauza zonse. Kwa amalume ake sanabise.

"Ndipangireni cha lata, amalume. Inu si mphindi makumi atatu zokha?"

"Lata ndilibe pano, ndipo ukundiona ndavala. Ndikupita ku sadaka ya maliro ku Ngokwe, ndibwera Lolemba. Asiye muno makinawa, nditsekere. Lolemba ndikupangira chabwino."

"Pepala likufunika Lolemba m'mawa."

Che Twalibu anakhala pa chitsulo n'kuvula chisoti. "Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Kulakwitsa muyeso si mlandu. Ine zitseko zimene ndinadula mofupika ndi zambiri, ndipo eni ake ananditukwana mpaka msika wonse kumva. Ndinapepesa, ndinakonza, mpaka lero amabwera. Koma chimene wachita iwe ndi china. Wapaka penti pa bodza kuti munthu wamkulu asaine. Aphunzitsi akowo tsopano akugona mtima uli m'malo, akuti ana a anthu ali otetezeka, pomwe iwe ukudziwa kuti ayi.

"Ndipo amayi ako ndimawadziwa, tinabadwa mimba imodzi. Sangaone chinthu chopangidwa ndi mwana wawo n'kukhala manja ali pamiyendo. Aitana mudzi wonse. Azimayi athu sagwira ntchito mmodzimmodzi ngati mmene mumajambulira kusukuluko. Pa chinthu chimodzi pamakhala manja asanu ndi limodzi. Iwe uli ndi maso awiri, uyang'ana dzanja liti? Bwerera ukawauze aphunzitsi zoona. Akakuchotsa pa chionetsero, akuchotse. Ukalira sabata imodzi, basi."

Lukiya anayang'ana pansi. "Ndingokawaonetsa amayi. Sitipukusa."

"Ukunena pamaso pa Mulungu?"

"Sitipukusa, amalume."

Che Twalibu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavala chisoti, anamuitanira wa kabaza, n'kumuthandiza kumanga makinawo pa kaliyala. Limenelo linali bodza lachiwiri m'tsiku limodzi.

4. Pamkeka

Loweruka m'mawa Lukiya anatulutsa tebulo pabwalo n'kuikapo makina ake, monga anajambulira pa pulani. Abiti Hassani anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Iwe, unaona kuti munthu akutong'ola chimanga ataimirira ngati akugulitsa mu golosale? Tsitsa apa pamkeka."

"Amayi, anapangidwa kuti azikhala pa tebulo. Munthu mmodzi, dzanja ili kupukusa, ili kuika chimanga."

"Ndi msana wangawu? Iyayi, tsitsa."

Anatsitsa. Ndipo za kusapukusa zija zinathera pomwepo, chifukwa pepala linali m'thumba la siketi yake, lopanda dzina ngakhale limodzi. Anagwada, anaika chimanga chimodzi, n'kupukusa. Njere zinawaza mkeka wonse, chitsononkho n'kugwa mbali inayo chili mbee.

Abiti Hassani anaimba nthungululu. "Salima! Salima iwe, tabwera udzaone zimene wapanga mwana wako!"

A Salima, amayi ake aang'ono a Lukiya, anabwera akuthamanga, ndipo pambuyo pawo panabwera azimayi ena atatu a nyumba zoyandikana. Anakhala mozungulira makinawo, miyendo atatambasula.

"Tamverani kaye," anatero Lukiya. "Tcheni ichi musachiyandikire. Dzanja lisafike apa, ngakhale pang'ono."

"Tamva, aphunzitsi," anatero a Salima, onse n'kuseka.

Sipanathe mphindi zisanu ntchito inali itagawidwa kale mwa chikhalidwe chawo. A Salima ankapukusa ndi manja awiri. Mayi wina ankaika chimanga. Abiti Hassani ankakokolola njere ndi manja kuziika m'lichero. Dengu limene linkawatengera m'mawa wonse linatha tiyi asanazizire. Lukiya anaona amayi ake akusangalala kuposa tsiku limene iye anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo naye mtima unakhala pansi.

Anatulutsa pepala lija, anatembenuka kuti atsamire pa tebulo, n'kuyamba kulemba mayina a oyesa.

Njere zina zinali zitagwera pansi pa tcheni. Munthu amene analima yekha chimanga sangazisiye njere zili pansi, dzanja limangopita lokha. Abiti Hassani anatambasula dzanja lamanja, akuseka nkhani ya a Salima. Pa chala chachikulu panali kansanza kaja, nsonga yake ikulendewera. Tcheni chinagwira nsongayo.

A Salima ankayang'ana kumbali. Anamva chopukusira chikulemera, n'kuganiza kuti ndi chimanga chouma kwambiri. Anakanikiza ndi mphamvu.

Kukuwa kwa amayi ake, Lukiya sadzakuiwala. Potembenuka anapeza amayi ake atagwada, dzanja lili pakati pa tcheni ndi giya, magazi akudontha pa chimanga choyera. Anapukusa chobwerera m'mbuyo mpaka dzanjalo linatuluka. A Salima anadzigwetsa pansi akulira kuti, "Ndapha mkulu wanga ine! Ndapha mkulu wanga!"

5. Chidindo

Anawanyamula pa njinga yamoto mpaka ku chipatala ku Liwonde. Madokotala anayesetsa, koma fupa linali litaphwanyika. Chala chachikulu anachidula pa mfundo ya m'munsi. Chala chomwecho, chimene Lukiya anapangira makinawo kuti chipume.

Lamlungu m'mawa Lukiya anakhala pambali pa bedi. Maso anali atatupa. Amayi ake anali atagona chagada, dzanja lokulungidwa ndi mabandeji lili pachifuwa.

"Amayi, ndine ndakupwetekani. Panayenera kukhala chivindikiro cha lata. Ndinalakwitsa kudula, ndinabisa, ndinanamiza aphunzitsi. Amalume anandiletsa, nawonso ndinawanamiza. Si amayi aang'ono ayi, ndine."

Abiti Hassani anafunsa kuti, "Salima akudziwa zimenezi?"

"Iyayi."

"Sanadye chidyere dzulo. Akuti sadzandiyang'ananso kumaso. Umuuze lero usanakwere galimoto, wamva? Zimenezo zokha usazengereze." Anapuma movutika. "Ndakwiya nawe, Lukiya. Sindikubisira. Ukanandiuza kuti chinthuchi sichinathe, ndikanadikira. Ndadikira zaka zingati ndikutong'ola ndi manja? Sabata imodzi ikanandipha? Tsopano khasu ndiligwira bwanji, mtsuko ndiusenza bwanji, sindikudziwa."

Lukiya analira.

"Pepala lako lija lili kuti?"

Analitulutsa. Linali lopindikapindika, pakona pali dontho lofiirira.

"Akufuna chidindo changa, si choncho? Chimene ndimadindira chapita. Bweretsa cholembera, upake ichi chakumanzere."

"Amayi, iyayi."

"Paka! Chala chapita kale, sichimeranso. Ukufuna ndi sukulu yomwe ipite? Akakuchotsa kumeneko, ine ndiye kuti ndaduka chala pachabe. Makinawo amatong'ola, ndinaona ndi maso anga. Palembedwe zimenezo. Pa funso la kuvulalalo ulembe kuti palibe. Anthu akandifunsa ndinena kuti inali nkhwangwa."

Lukiya anapaka inki pa chala chakumanzere cha amayi ake. Iwo anadinda okha, mwamphamvu, n'kutembenukira kukhoma.

Panja anapeza a Salima atakhala pansi pa mtengo ndi azimayi ena odikirira odwala. Anagwada n'kuwauza zonse. A Salima sanamukalipire. Anangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatola kontena ya phala, n'kulowa mu wodi. Kukanakhala bwino akanamumenya.

6. Lolemba m'mawa

Makina anatsala kumudzi, atakankhidwira kuseri kwa nkhokwe. Lukiya anabwerera ku Balaka ndi pepala lokha. Mu minibasi anayankha mafunso atatu. Pa lachinayi anaika nsonga ya cholembera, anaichotsa, anaikanso. Anafika pa geti ya sukulu mzerewo uli wopanda kanthu.

Lolemba belu lisanalire ophunzira anandanda pakhomo la wekishopu, aliyense pepala lili m'manja. Shafiq anali patsogolo, akusimba mmene agogo ake anayamikira mbaula. Ataona Lukiya anakuwa, "Injiniya wafika! Makina aja ali kuti, agula kale?"

Palibe anaseka kwenikweni, chifukwa nkhope ya Lukiya inali yosasekeka nayo.

A Likoswe analandira mapepala onse mmodzimmodzi. Lukiya anadzisiya kumapeto. Atatsala awiri okha, aphunzitsiwo anatseka chitseko. Anatenga pepala lake n'kuliwerenga ataimirira. Anaona chidindo. Anaona dontho la pakona. Chala chawo chinatsika mpaka pa funso lachinayi, n'kuima pamenepo.

"Apa sunayankhe."

Lukiya anayang'ana chidindo chija. M'makutu mwake munali mawu a amayi ake, akuti ndaduka chala pachabe.

A Likoswe anatsegula dirowa ya tebulo lawo. "Loweruka tinkasesa muno, tinasuntha kabati ya zida." Anatulutsa kachivindikiro kakang'ono ka lata, kopindidwa bwino makona, kali ndi fumbi. Mkati mwake munali zilembo zimene wophunzira aliyense ankalemba pa chidutswa chake tsiku logawa: L.M.

Anakaika pa tebulo, pambali pa pepala lija. Sanakweze mawu. Nkhope yawo inali ya munthu wochita mantha, osati wokwiya.

"Lata lako ndi ili, Lukiya, ndipo lina sindinakupatse. Ine ndinasaina kuti makina ako ndi ovindikira." Anatenga cholembera chawo chofiira n'kumupatsa m'manja. "Za chionetsero tikamba pambuyo. Choyamba undiuze, magazi awa ndi a ndani?"